Kamtsikana ka M'foni

"Ndiye mukuti mnyamata akamadina mabatani ndi sukulu, koma mtsikana akadina mabatani omwewo ndi chibwana?" anafunsa alamu anga. Anali atangofika kuchokera kuntchito, nsapato imodzi ili kuphazi, inzake ili m'manja.

"Musandiikire mawu m'kamwa, mayi," anayankha achimwene. "Ine ndangoti wamng'onoyu sangakhale yekha masana. Inu kuchipatala akuikani shifiti yamasana kuyambira mawa. Achemwaliwa amaweruka dzuwa litalowa. Ine kushedi sindingapite naye, pali moto paja. Ndiye watsala ndani?"

"Atsala awiri. Tinabereka mapasa, kapena mwaiwala?"

"Injiniya ali ndi kalasi ya kompyuta."

"Nyerere alinso m'kalasi yomweyo! Amakhala pakompyuta imodzi!"

"Eya, koma uyo amangokopeka ndi tizithunzi. Zamakina n'za mnyamatayu, zili m'magazi."

Ine ndinali nditaima pakhomo la kukhitchini, chikwama chidakali paphewa. Ndine mlongo wake wa bamboyu, ndimasoka zovala pashopu ya eni ake, ndipo ndimagona kachipinda ka kuseri. Achimwene anga ndi owotcherera zitsulo. Ndi munthu wabwino, ndipo amene angatsutse abwere tionane. Sakweza dzanja pa mwana, malipiro amafika nawo kunyumba, ndipo mwana akadwala iwo chakudya sichilowa. Koma mutu wawo uli ngati bawuti yadzimbiri, ukaikakamiza imangothyola sipanala.

Amapasawo anali patebulo, maso ali m'makope, makutu ali kwa ife. Mnyamata anamutcha Injiniya ndi bambo ake, tsiku limene anamasula wailesi ali wamng'ono. Wailesiyo sinayankhulenso mpaka lero, koma dzina linakakamira. Mtsikana timamuti Nyerere, chifukwa ndi wochepa thupi ndipo sungamupeze akuyenda chimanjamanja. Onse ali kusekondale, kalasi imodzi. Teremu imeneyo mphunzitsi wina anali atayambitsa phunziro la masana, ana akaweruka, lowaphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Njira yake inali yoti ana azipanga magemu awoawo. Mawu oti gemuwo ndi amene anatipweteketsa pakhomo pathu.

"Ababa," anatero Nyerere chapansipansi, "gemu yathu sitinaimalize."

"Wamva? Gemu!" Achimwene analoza mwanayo ngati wawathandiza pamlandu. Kenako mawu awo anafewa, monga amachitira nthawi zonse akamayankhula ndi mtsikana wawoyu. "Mayi wanga, maphunziro enieni sindinakuletse. M'mawa uzipita monga mwa masiku onse. Ukaweruka uzikamutenga Kamzime kwa amayi aja amamusunga, basi. Zamasanazo mnzakoyu azikufotokozera madzulo."

"Achimwene," ndinalowererapo, "kusoka munthu amaphunzira pomvera kwa mnzake? Inuyo kuwotcherera munaphunzira pofotokozeredwa madzulo?"

"Achemwali, inu mwangofika kumene. Khalani pansi mupume."

"Ndipuma nkhaniyi ikatha."

"Yatha kale."

Alamu anaponya nsapato ija pakona. Kamzime, mwana wa zaka ziwiri amene tinkakanganirana, anali pansi pa tebulo akudya chivindikiro cha bolopeni mwamtendere. Nyerere anawerama, n'kumulanda, n'kumunyamula kukamusambitsa popanda womutuma.

Chimene chinkandiwawa masiku otsatirawo n'chakuti mwanayo sankadandaula. Akanati azilira kapena kumenyetsa zitseko, bwenzi ndikudziwa pomugwira. Koma iye akaweruka ankathamangira kukatenga mwana, kufika kunyumba n'kuvula yunifolomu, n'kuyamba mbale, kuchapa, kusita, kusesa. Ine ndikamafika madzulo ndinkapeza m'nyumba muli mbee, achimwene akuyamikira kuti pakhomo payera ngati kuhotela. Ndinkachita kuluma mlomo.

Ndiye panali sukulu yamadzulo ija analonjeza bambo ake. Inkachitikira pasinki, Nyerere akutsuka, Injiniya ataima pambali ndi kansalu kopukutira mbale kamene sikankanyowa n'komwe.

"Lero mwaphunzira chiyani?"

"Zija zakuti ngati chakuti chachitika, chita chakuti."

"Zimenezo tinaphunzira ndilipo. Zatsopano?"

"Anati... dikira. Anati pali kabokosi kosungiramo nambala."

"Ndikukadziwa. Ndiye nambalayo uitani?"

"Uiwonjezere. Kapena uichotsere. Chimodzi mwa ziwirizi."

"Iwe Injiniya iwe! Unali m'kalasi kapena unali pawindo?"

"Ndinali m'kalasi! Koma ukakhala palibe mutu wanga umazungulira. Anzathu onse ali awiriawiri, wina akunena, wina akulemba. Ine ndimadziyankhulira ndekha ngati wamisala."

Nyerere anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. Anapitiriza kukwecha poto amene anali atayera kalekale.

Tsiku lina mashini anga anaduka lamba, abwana n'kutiuza kuti tiziweruka. M'malo molunjika kunyumba ndinakhotera kusukulu. Mlonda anandilozera chipinda cha kumapeto, kumene ana ambiri anali ataunjikana pamawindo akusuzumira mkati. Mkatimo munali makompyuta ochepa, ena akale ndithu, ndipo pakompyuta iliyonse panali ana awiri. Pamodzi pokha ndi pamene panali mwana mmodzi ndi mpando wopanda munthu. Sindinafunse kuti ndi wa ndani.

Mphunzitsiyo ana amamutcha a Yesaninso, chifukwa sanenapo kuti walakwa, amangoti yesanso. Ndi bambo wamtali, wowonda, wa malaya amene manja ake ndi aafupi, ndipo diso langa la utelala linavutika nawo. Ndinawapeza ataimika mnyamata wina kutsogolo.

"Uyu lero ndi kompyuta yathu," anatero. "Sachita kanthu kamene simunamuuze. Tiyeni, muuzeni afike pakhomo."

"Ponya phazi!" anakuwa mtsikana wina. Mnyamatayo anaponya phazi limodzi, n'kuima.

"Muzikuwa chonchi mpaka mawa? Mufupikitse."

"Bwereza kuponya phazi!"

Mnyamata uja anayamba kuyenda, nkhope ili gwa. Anadutsa tebulo, anadutsa khomo lija osaliyang'ana, mpaka anakagunda khoma, n'kumapondaponda pomwepo mphuno ili pakhoma. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndi a pawindo omwe.

"Mukumuseka chifukwa chiyani? Wamvera. Kompyuta ndi wantchito womvera koma wosaganiza. Ukaiuza kuti ibwereze, uyenera kuiuzanso pamene ilekere. Ukapanda kutero izibwereza mpaka magetsi azime. Bwererani kumagemu anu, aliyense aone ngati kubwereza kwake kuli ndi polekera."

Ana atayamba kulimbana ndi makompyuta awo, a Yesaninso anabwera pakhomo pamene ndinaima. Nditadzifotokoza kuti ndine azakhali a mapasa aja, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mayi, mtsikana uja ali kuti? Mlongo wakeyu amangoti ali kunyumba."

"Akulera mwana, aphunzitsi."

Anapumira m'mwamba. "Si woyamba. Tinayamba ndi atsikana ambiri, pano atsala owerengeka. Palibe kholo limene limabwera kudzanena kuti ndamuchotsa. Amangosowa mmodzimmodzi, wina akuphika, wina akudwazika agogo, wina akuthandiza pamsika. Anyamata onse alipo, ngakhale amene amabwerera kudzagona." Analoza ana a pawindo aja. "Mukuwaona awo? Onsewo akudikira malo. Ndausunga mpandowo mokwanira, akulu a sukulu ayamba kundifunsa. Akapanda kubwera sabata ya mawa, ndiikapo wina. Mtima wanga sukufuna, chifukwa mwana uja akaona vuto salithawa, amalizungulira mpaka alipezere khomo."

"Bambo ake ndi ouma mutu," ndinatero. "Tayankhula mpaka malovu auma."

"Ine za m'nyumba za eni sindilowerera. Koma ntchito ya kumapeto kwa sabata ino ndi yoti gulu lililonse likapeze munthu wamkulu woti ayese gemu yawo. Lamulo lake ndi limodzi. Opanga gemu amaima kumbuyo, manja kumbuyo, pakamwa potseka. Woyesayo kaya afunse, kaya akalipe, iwo sayankha. Amangoona pamene akuvutika, chifukwa pamenepo ndi pamene gemu ili ndi vuto. Amayankhula woyesayo akanena yekha kuti wamaliza."

Pobwerera ndinayenda ndi Injiniya. Ndinamuuza za mpando uja, iye n'kuti akudziwa, ndipo Nyerere akudziwanso.

"Ndiye wati chiyani?"

"Wati ndisawauze ababa, angadandaule."

Ndinatsala pang'ono kulira pamsewu anthu akuona.

Loweruka masana tonse tinali pakhomo. Achimwene anali atakhala pakhonde, malaya atavula, akumwa tiyi. Alamu ankasankha zochapa. Injiniya anabwera ndi foni ya bambo ake, atalowetsamo kale gemu ija, n'kufotokoza lamulo la aphunzitsi.

"Ndiye kuti ndikafunsa simuyankha?"

"Sitiyankha, ababa."

"Ha! Mphunzitsi ameneyu andibwereke lamuloli, ndiliike m'nyumba muno." Anayang'ana alamu ndi ine, n'kuseka okha. "Bweretsa tione ntchito ya Injiniya wanga."

"Opanga onse awiri ayenera kuimapo," anatero mnyamatayo, n'kukamukoka Nyerere kubafa kumene ankachapa. Anaima kumbuyo kwa mpando, manja kumbuyo, manja a Nyerere akudontha thovu.

Ine ndinasendera kuti ndione. Pafonipo panali kanyumba, ndi kamtsikana kovala yunifolomu, chikwama kumsana. Pamwamba panalembedwa kuti: Mufikitseni kusukulu. Achimwene anadina kamuvi, kamtsikanako n'kuyamba kuyenda.

"Aa, kakuyendadi! Mayi, bwerani muone, kakuyenda!"

Kasanapite patali, mbale yakuda inatulukira. Achimwene anaidina, inayera, kamtsikana n'kupitiriza. Kenako kunabwera ndowa yopanda madzi. Anaidina. Kenako malaya okwinyika, kenako kamwana kokwawira kumoto. Zala za achimwene n'zazikulu, zodzaza zipsera, ndipo zinkadina zinthu ziwiri nthawi imodzi. Zinthu zitaunjikana, foni inalira, kamtsikana n'kubwerera pakhomo pomwe kanayambira.

"Ndinali ndisanazolowere. Tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri anapita patsogolo pang'ono. Ndiye m'fonimo munatuluka mawu a mwamuna, okhuthala, ochokera ngati kuchipinda: "Iwe! Tandipatsa madzi akumwa!" Kapu inatulukira, kamtsikana n'kutembenuka kubwerera kunyumba.

Ine ndinayang'ana alamu. Alamu anayang'ana ine, n'kukwirira nkhope m'thawulo limene anali nalo m'manja. Mawuwo tinkawadziwa tonse. Mwini wake yekha ndi amene sanawadziwe, paja munthu mawu ako ukawamva m'makina amakhala ngati a mlendo.

"Nanga uyu ndiye ndani?" anafunsa achimwene. Anacheukira anawo. "Ndikufunsatu. Oo, paja simuyankha."

Anapereka madziwo, kamtsikana n'kuyambanso ulendo. "Iwe! Nsapato zanga zija wapukuta?"

"Aa! Mdala ameneyu bwanji kodi? Mwana akupita kusukulu!" Anadina mwaukali. Mbale zinabwera, kamwana kanakwawa, ndowa inauma.

"Iwe! Tandipatsa rimoti!"

"Rimoti! Alibe miyendo ameneyu? Ndi wolumala? Achemwali, mukumumva? Anthu ngati amenewa ndi ofunika kuwakhazika pansi n'kuwauza zoona."

"Ndi ofunikadi, achimwene," ndinatero, ndikubisa chiseko. Mapewa a Injiniya ankagwedezeka. Nyerere yekha sankaseka. Anali atayang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti akuchita mantha. Gemuyo sanaipange kuti anyoze munthu. Aphunzitsi anangoti aliyense apange ya zimene amaona tsiku ndi tsiku, ndipo mawuwo Injiniya anawajambula mobisa kale, nkhani ya kulera mwana isanayambe, akuona ngati nthabwala.

Kamzime anali akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pafupi ndi mapazi a bambo ake. Mawu aja atamvekanso, "Iwe! Tandipatsa madzi akumwa!", anadzutsa mutu. Anayang'ana foni, anayang'ana achimwene, n'kuloza foniyo ndi chala chonyowa malovu.

"Baba!" anatero mosangalala. "Baba!"

Achimwene anasiya chala m'malere. Anadikira mawuwo abwerenso, n'kuika foni pafupi ndi khutu. Ndinakonzeka kuti akakalipa ndiime pakati pa iwo ndi anawo.

Sanakalipe. Anakoka mpando, anapukuta chala pathalauza, n'kuyambiranso gemu.

Tiyi anazizira. Alamu anasiya zochapa n'kudzakhala pakhonde. Achimwene ankangodina. Anapeza nzeru yogwiritsa zala za manja onse awiri. Anaphunzira kuti kamwana ndiye koyamba kukathamangira, mbale zikhoza kudikira pang'ono. Mawu awo omwe akaitana ankakukuta mano, koma ankaperekabe madziwo, chifukwa ukapanda kupereka kamtsikana sikasuntha. Ulendo uliwonse ankapitirira pang'ono pamene analekera, ndipo ulendo uliwonse zinthu zinkachuluka mpaka kamtsikana kabwerere pakhomo. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo. Ine chiseko chinali chitandithera. Ndinkaona bambo akulimbana ndi mtima wake wonse kuti afikitse mwana wake kusukulu, ndipo ankalephera.

Mthunzi utafika pamasitepe, anaika foni pabondo.

"Ndamaliza kuyesa. Tsopano yankhulani." Sanatembenuke. "Ntchito zimenezi zimatha liti?"

"Sizitha, ababa," anatero Injiniya.

"Sizitha bwanji? Gemu yanji yosawinika?"

"Ndi vuto limene ili nalo. Tinaiuza kompyuta kuti izibwereza kutulutsa ntchito, koma sitinaiuze polekera. Pakufunika mzere wina woiuza zimenezo."

"Ndiye osaulemba bwanji? Si ndiwe Injiniya?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Ndayesa, ababa. Ndikaulemba, kamtsikana kamayenda chafutambuyo, kapena mbale zimauluka. Ine zanga ndi zojambulazi, kanyumbako, ndowayo, ndi mawuwo. Zimenezo ndiye ndimazitha, aphunzitsi amachita kuonetsa anzathu. Koma malamulo a mkatimo anayala ndi uyu, ndi amene akudziwa pamene chilichonse chagona. Anati adzaulemba tsiku lotsatira, ndiye tsiku lotsatiralo ndi limene anayamba kukatenga Kamzime." Anayang'ana mlongo wake mopepesa. "Ndipo akapanda kubwera sabata ya mawa, mpando wake apatsa wina."

"Iwe!" anatero Nyerere.

"Ndanena basi. Undimenye."

Achimwene anatembenuka tsopano, n'kumuyang'ana mwana wawo wamkazi kuyambira kumutu mpaka kumanja ake otuwa ndi sopo.

"Zimenezi umazidziwa?"

"Eya, ababa."

"Osandiuza bwanji?"

"Munali mutanena kale. Komanso kunalibe wina womutenga mwana."

Kenako achimwene anafunsa funso limene sindinaliyembekezere. "Nanga sukuluyo ilimo m'gemumu, kapena ndavutikira chinthu choti kulibe?"

"Ilimo," anatero Nyerere. "Ili kumapeto. Pali mtengo, ndi belu limene limalira akalowa. Koma palibe amene anafikako. Ngakhale ineyo."

Alamu anapukuta m'maso ndi thawulo lija, osabisanso. Ine ndinayang'ana kumsewu ngati kukudutsa munthu womudziwa.

Nthawi yomweyo Kamzime anaponda chitsekerero cha botolo, n'kugwa chagada, n'kuyamba kukuwa ngati wamenyedwa. Nyerere anali atafika kale pakati pa khonde, manja ali patsogolo.

"Khala pansi," anatero achimwene.

Anadzuka okha, n'kumutola mwanayo. Anamunyamula ngati chitsulo chotentha, patali ndi thupi, miyendo ikupalasa m'malere. Kamzime anadabwa, anawayang'ana, n'kuwonjezera kulira.

"Masiku a kalasiyo ndizitseka shedi masana," anatero mokweza kuti timve pamwamba pa phokosolo. "Ndizikamutenga ndine."

"Nanga makasitomala, bambo?" anafunsa alamu.

"Adikira. Akafuna apite kwina." Anayesa kumuika mwanayo paphewa, mwana n'kuwagwira khutu. "Ndipo iwe Injiniya, mbale za madzulo ndi zako kuyambira lero. Madzi akumwa aliyense azikatunga yekha, miyendo tili nayo tonse."

"Mumugwire kumsana, achimwene, mumugwetsa," ndinatero.

"Achemwali, inu khalani pansi mupume."

Kamzime anali akutambasulira manja kwa mlongo wake, mamina ali mbwee, akuitana amene anamuzolowera. Nyerere anasuntha phazi limodzi. Achimwene anatembenuza mwanayo kuti asamuone, n'kuyamba kuyenda naye uku ndi uku pakhonde, akumusisita molakwika, akuimba kanyimbo kopanda mutu.

"Ndati khala pansi, mayi wanga," anatero osamuyang'ana. "Lolemba ukalembe mzere wakowo. Ndikufuna ndimve belulo likulira."

Nyerere anayang'ana uku ndi uku, ngati mlendo wosadziwa pokhala. Kenako anakhala pampando wa bambo ake, n'kuika manja pamiyendo, opanda kanthu.